ZA AMISIRI: Tochi Yodulira Citsulo Isakwere, Isatsike

Mlimi ali yense amene anagwirapo khasu la ng'ombe adziwa nchito ya kagudumu kamene kamatsogola patsogolo pa khasulo. Munda sukhala wosalala ngati bwalo. Pano pali cikweza, apo pali kadzenje, uko ndi pamene panali culu. Kagudumu kaja ndiko kamasunga khasu kuti lisalowe kwambiri ndi kutopetsa ng'ombe, ndiponso kuti lisangopalasa pamwamba ndi kusiya udzu uli moyo. Nkhani ya sabata ino ikamba za cipangizo ca masiku ano cimene nchito yace ifanana ndi ya kagudumu kameneko, ngakhale kuti munda wace ndi citsulo ndipo khasu lace ndi moto.

Makina amene akambidwa pano ndi thebulo lodulirapo citsulo, loyendetsedwa ndi kompyuta, limene ogulitsa amalicha CNC plasma. Mmisiri amayamba wajambula pa kompyuta cinthu cimene afuna, kaya ndi duwa lokongoletsa geti, kaya malembo a dzina la sitolo, kaya tizitsulo ta mabowo tomangira ngolo. Akatero amagoneka puleti ya citsulo pa thebulo, ndipo timamota timayendetsa tochi uku ndi uku motsata cithunzi cija. Tochi imeneyi si ija younikira usiku ai. Ndi cipangizo cokhala ndi mlomo wa mkuwa wa kabowo kakang'ono, m'mene mumatulukira mpweya wocokera ku kompulesa utasakanizana ndi moto wa magetsi. Mpweya wotere, umene akatswiri amaucha plasma, umatentha kupitirira madigiri 20,000, kotero kuti umasungunula citsulo ndi kuciuluzira kunsi m'kanthawi kocepa.

Luso limeneli si la dzulo. Robert Gage, katswiri wa kampani ya Union Carbide ku America, analandira cikalata ca umwini wa tochi yotere m'caka ca 1957, ndipo kampani ya Hypertherm, imene makina ace ali odziwika pakati pa odula zitsulo, inayambika m'tauni ya Hanover ku New Hampshire mu 1968. Kwa zaka zambiri makinawa anali a m'mafakitale akuluakulu okha. Koma pamene mitengo ya makompyuta ndi timamota inatsika, anthu wamba ku America, ku Ulaya ndi ku Australia anayamba kudzimangira mathebulo ang'onoang'ono m'magalaja mwao, anthu oti masana agwira nchito zina, madzulo ndi pa Loweruka ndiye aseweretsa zitsulo. Mu 2018 kampani ya Langmuir Systems inayamba kugulitsa kathebulo kochedwa CrossFire, kodula malo a pafupifupi masentimita 60 mbali iri yonse. Kathebulo koyambako kanalibe mota yokweza ndi kutsitsa tochi. Mwini wace anali kuika kacitsulo koyesera pansi pa mlomo, kumanga tochi pamenepo, basi. Pambuyo pace kampaniyo inatulutsa mathebulo ena okhala ndi mota yacitatu ndiponso cipangizo cosunga cokha mpata wa pakati pa tochi ndi puleti, cimene acilemba mwacidule kuti THC.

Tsono funso limene amadzifunsa anthu a m'magalaja aja ndi lomwelo limene lidzam'peza mmisiri wowocherera wa ku Chipata kapena ku Katete tsiku limene adzatopa ndi kudula maluwa a mageti ndi gulainda, nayamba kufunsa mitengo ya thebulo lotere. Kodi THC ifunikadi, kapena ndi nzeru cabe ya ogulitsa yoonjezera pa mtengo? Ndipo ngati ifunika, pa mitundu imene ilipo asankhe uti?

MPATA WOCEPERA KAMTENGO KA MACISI

Buku la makina a Hypertherm Powermax45 XP, amene anthu ambiri amawaika pa mathebulo ang'ono, linena kuti podula citsulo wamba mlomo wa tochi uyende pa mpata wa milimita 1.5 kucoka pa puleti. Mpata umenewu ucepera kunenepa kwa kamtengo ka macisi. Lawi la plasma siliri loongoka ngati mpeni, koma lotupa pakati ndi losongoka kunsi, monga lawi la kandulo litazondoka. Tochi ikakwera, citsulo cimadulidwa ndi nsonga ya lawi, m'mphepete mwace mumapendekeka, ndipo ikakwereratu moto umazima nchito iri pakati. Ikatsika, m'mphepete mumapendekera mbali inayo, mlomo umakhula pa puleti, ndipo mkuwa wace umapsa nthawi isanakwane. Mlomo ndi kamtima kace ka m'kati ndi zinthu zotha, zogula kawirikawiri, ndipo kwa mmisiri wokhala kutali ndi masitolo akuluakulu, mlomo umodzi wopsa pacabe ungaimitse nchito kwa masiku.

Puleti ikadakhala yoongoka nthawi zonse, kacitsulo koyesera kaja kakadakwanira. Koma puleti ya milimita imodzi kapena iwiri ikamva kutentha imapindika ndi kutukumuka ngati cikopa coyanika pa dzuwa cosakhomera zikhomo. Imatha kudzuka mamilimita angapo, kupitirira mpata wonse umene tochi inali nao. Nazo nthiti za thebulo zimene puleti imagonapo zimapsa ndi kumera zibuma za citsulo couma, kotero kuti pakapita miyezi sizikhalanso zolingana. Tochi ikakola pa citsulo codzuka imakoka puleti yonse, kapena mota imadumpha, ndipo kompyuta, posadziwa kanthu, imapitiriza kudula duwa pamalo olakwika. Puleti ya ndalama zambiri imasanduka ya kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

SIIONA, IMANGOMVA

Cinthu coyamba cimene wogula ayenera kucimvetsa ndi cakuti THC ilibe maso, ndipo siiyesa mtunda konse. Cimene imayesa ndi mphamvu yokankha magetsi pakati pa tochi ndi puleti, imene imawerengedwa m'ma volt. Lawi likatalika ma volt amakwera, likafupika amatsika, ndipo pa makina ang'ono kusintha kwace kumakhala pafupifupi ma volt 10 pa milimita imodzi. Mmisiri amauza THC nambala yoyenera citsulo cimene adula, mwacitsanzo 130. Cipangizoco cikamva 135 cimaganiza kuti tochi yakwera ndi theka la milimita, ndipo cimalamula mota kuti itsitse. Cikamva 125 cimalamula kuti ikweze. Cimacita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo pa mzere wautali woongoka tochi imaoneka ikukwera ndi kutsika pamodzi ndi puleti bwino lomwe.

Koma apa ndipo pagona nkhani yonse, pakuti ma volt amakweranso pa zifukwa zina zosakhudza mpata. Tochi ikafika pa ngondya, thebulo liyenera kucepetsa liwiro kuti likhote, monga m'mene ngolo imacitira pa mphambano. Liwiro likacepa, lawi limadya citsulo cambiri pamalo amodzi, citsulo cimathawa kutali ndi lawi, lawi limatalika pocitsata, ndipo ma volt amakwera. THC yosacenjera imaganiza kuti tochi yakwera, ndipo imaitsitsa mwamphamvu, tochi ndi kujompha puleti ngati nkhuku yaona cimanga. Zomwezo zimacitika podula mabowo ang'onoang'ono, podutsa pa mzere wodulidwa kale, pofika kumapeto kwa puleti, ndiponso pamene mzere wozungulira ukumana ndi poyambira pace. Malo onsewa ndi amene kasitomala amayamba kuyang'ana akabwera kudzatenga geti yace.

Palinso cinyengo cina cobwera pang'onopang'ono. Pa nsonga ya kamtima ka tochi pali kacidutswa ka citsulo cochedwa hafnium, pamene lawi limayambira. Kacidutswa kameneka kamadyeka ndi kusiya kadzenje, kotero kuti lawi limatalika m'kati mwa tochi momwemo. THC youzidwa kuti isunge 130 idzamvera lamulo, koma kuti ipeze 130 ndi kamtima kodyeka idzatsitsa tochi pafupi ndi puleti koposa m'mene inacitira kamtima kali katsopano. Mmisiri amangodabwa kuti nambala ndi yomweija ya dzana, koma lero mlomo ukukhula pansi. Mankhwala ace ndi THC imene siidalira nambala yolembedwa yokha, koma imayamba yamvera ma volt pamene tochi yangoyamba kuyenda pa mpata woyenera, ndi kusunga nambala imeneyo mpaka mzere utatha.

Cotero posankha, funso lalikulu si lakuti kodi THC iyi imamva ma volt, popeza zonse zimamva. Funso ndi lakuti kodi idziwa nthawi yoleka kuwakhulupirira ndi kugwira tochi pamalo amodzi.

ZIMENE ZIRI PA MSIKA

Mtundu wofala pakati pa odzimangira mathebulo ndi kabokosi kapadera kamene kamamva ma volt ndi kutumiza mau ku kompyuta, akuti kweza kapena tsitsa. Citsanzo codziwika ndi Compact THC 150 ya kampani ya Proma ya ku Poland, imene ambiri amaigwiritsa nchito ndi pulogalamu ya Mach3. Ubwino wace ndi wakuti kulumikiza kwace sikuvuta ndipo nambala imaoneka pa kabokosipo. Kuipa kwace ndi kucedwa, cifukwa mau aja amadzera m'timaswichi totseguka ndi kutsekeka, ndipo kompyuta iyenera kuwamva kaye isanasunthe mota. Pa citsulo cocindikala, cimene cimadulidwa pang'onopang'ono, kucedwa kumeneku sikuoneka. Koma puleti yopyapyala imadulidwa pa liwiro la mamita asanu kapena kupitirira pa mphindi imodzi. Pa mamita 6 pa mphindi, tochi imayenda masentimita 10 pa sekondi, ndiko kuti kucedwa kwa gawo limodzi la magawo khumi a sekondi ndi sentimita yathunthu yodulidwa pa mpata wolakwika. Mmisiri akayesa kuifulumiza poonjezera liwiro la mota yokweza, tochi imapitirira, imabwerera, imapitiriranso, ndi kumangogwedeza mutu ngati gulo pa mtengo, m'mphepete mwa citsulo ndi kukhala ngati mano a sowo.

Palinso kabokosi kamene kamaima pakati pa kompyuta ndi mota yokweza, ndi kuiyendetsa kokha pamene moto uyaka. Proma ili ndi kotere, kochedwa SD. Kamathandiza munthu amene anagula kale bolodi losadziwa kanthu za plasma, monga mabolodi ochipa a GRBL. Koma kabokosi kotere pakokha sikadziwa kuti thebulo lafika pa ngondya, pokhapokha atakalumikiza ndi waya woti kazimvera pamene kayenera kuima. Ndi njira yopulumutsira ndalama zimene zinapita kale, osati yoyambira nayo munthu amene akali ndi ufulu wosankha.

Njira imene imathetsa vuto la kujompha kucokera ku muzu ndi ija imene ma volt amalowa m'pulogalamu yomweyo imene iyendetsa thebulo. Kampani ya Mesa Electronics ya ku California imapanga kabolodi kochedwa THCAD, kamene kamasandutsa ma volt kukhala tizizindikiro timene kompyuta imawerenga, kwinaku kakuchinga kuti magetsi oopsa asaoloke kupita ku kompyutayo. Kamagwira nchito ndi pulogalamu ya LinuxCNC, imene ili yaulere, ndipo ili ndi gawo lace la plasma lochedwa QtPlasmaC. Popeza mutu umodzi ndiwo ulamula liwiro ndi mpata womwe, palibe cobisika. Liwiro likangotsika pansi pa muyeso woikidwa, kawirikawiri magawo 90 pa 100 a liwiro lonse, tochi imagwidwa pamene ili mpaka ngondya itapita. Pulogalamuyo ingauzidwenso kuti bowo liri lonse locepera mamilimita 32 lidulidwe pa magawo 60 pa 100 a liwiro, ndipo pamenepo THC imaima yokha. Imathanso kudzitengera nambala ya ma volt poyamba pa mzere uli wonse, monga kwakambidwa kale. Kunena zoona, kwa munthu wodzimangira thebulo, njira iyi iposa zinazo. Mtengo wace weniweni si ndalama koma kuleza mtima, cifukwa mabuku ace ndi aatali, ndipo mmisiri amene sanagwirepo kompyuta ya Linux adzataya tulo masiku angapo moto woyamba usanayake.

Wogula thebulo lomangidwa kale acita bwino kutenga THC ya kampani yomweyo imene inamanga thebulolo, cifukwa zinapangidwa kuti zizimvana. Koma asanapereke ndalama afunse wogulitsa, ndipo ngati n'kotheka aone ndi maso, cimene tochi imacita pa ngondya ndi pa bowo laling'ono. Wogulitsa amene angoonetsa mzere woongoka waonetsa cinthu cimene THC iri yonse imatha.

MAKINA A MOTO AYAMBE KUFUNSIDWA

Ambiri amalakwa poyamba kusankha THC asanayang'ane makina ao a plasma. Makina ambiri ochipa, monga aja olembedwa CUT-50, amayatsa lawi ndi kamphezi ka ma volt zikwi zingapo. Kwa munthu wodula ndi manja palibe vuto, koma pafupi ndi kompyuta kamphezi kameneka kamasokoneza mawaya, mamota amadumpha, ndipo nthawi zina bolodi limapseratu. Ena mwa ogulitsa mathebulo amanena poyera kuti makina otere asalumikizidwe ku mathebulo ao. Makina oyenera ndi aja amene amayatsa lawi pamene mpweya ukankha kamtima kubwerera m'mbuyo kucoka pa mlomo, popanda kamphezi konse.

Kenaka pali nkhani ya kumene THC idzatenga ma volt. Makina opangidwira thebulo ali ndi polumikizira pace pamene ma volt amatuluka atacepetsedwa kale. Pa makina a Powermax amacoka ku fakitale atagawidwa ndi 50, kotero kuti ma volt 130 amatuluka ali 2.6, ndipo muyesowu ungasinthidwe kukhala 20, 30 kapena 40. THC iyenera kuuzidwa muyeso womwewo, apo ai idzawerenga bodza. Pa polumikizira pomwepo pamatulukanso cizindikiro cakuti lawi lagwira puleti, cimene cimauza thebulo kuti tsopano liyambe kuyenda. Makina opanda zimenezi amafuna kutsegulidwa ndi kulumikizidwa m'kati, kumene magetsi angafike pafupi ndi ma volt 300. Magetsi otere apha munthu. Nchito imeneyo ndi ya wophunzira za magetsi, makina atazulidwa ku khoma ndi kupatsidwa nthawi yakuti mphamvu yotsala m'kati ithe, ndipo waya wonyamula magetsi osacepetsedwa usalowe m'bokosi limodzi ndi mawaya a kompyuta.

THC imayamba nchito pamene moto wayaka kale ndipo tochi ikuyenda. Mpata woyamba umapezeka mwa njira ina. Tochi imatsika kukhudza puleti, kompyuta imalemba pamene yakhudza, ndipo imaikweza kufika pa mpata woboolera, umene pa Powermax45 XP uli mamilimita 3.8, kuti citsulo cosungunuka cothovokera m'mwamba cisatseke mlomo. Ikaboola ndipo imatsikira pa 1.5. Njira yakale yodziwira kukhudzako ndi mutu woyandama, umene umatsetsereka m'mwamba pang'ono ndi kudinikiza swichi. Siinama pa dzimbiri kapena pa penti, koma imapondereza puleti yopyapyala pansi isanadinikize swichi, ndipo tochi ikakwera puleti imaitsata. Njira inayo ndi ya waya wolumikiza ku cophimba ca mlomo, umene umamva pamene citsulo cangokhudza citsulo cinzace. Iyi siipondereza, koma dzimbiri, penti ndi madzi zimaipusitsa. Amisiri osamala amaika zonse ziwiri, kuti waya ukalephera swichi igwire.

Ngati ndalama zikwanira cinthu cimodzi cokha, mota yokweza ndi njira yokhudzira puleti ndizo ziyenera kutsogola, THC ibwere pambuyo. Mmisiri wodula tizitsulo ting'onoting'ono pa puleti yoongoka ya mamilimita 6 kapena kupitirira angathe kugwira nchito zaka popanda THC, cifukwa tochi imayesa mpata mwatsopano pa bowo liri lonse ndipo siiyenda patali puleti isanayesedwenso. Koma wodula zikwangwani ndi maluwa pa puleti yopyapyala, makamaka pa thebulo lalikulu lolandira puleti yathunthu ya mita 1.2 ndi mamita 2.4, THC kwa iye si cokongoletsa. Ndipo popeza zopyapyala zachulidwa, amene aganiza zodula malata acenjere ndi utsi wace woyera. Utsi wa zinki umadwalitsa ngati malungo, munthu ndi kumva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi usiku wace, kotero nchito yotere icitike pamalo opita mphepo.

THC ikamangidwa, mayeso ace safuna ndalama. Mmisiri atenge puleti yotsala, aikweze mbali imodzi poika kacitsulo ka sentimita imodzi kapena ziwiri pansi pace, ndipo adule mzere woongoka wokwera citunda cimeneco, kenaka wina wotsika. Aimitse makina mzere uli pakati, moto utazima, ndi kulowetsa kacitsulo koyesera ka milimita 1.5 pansi pa mlomo. Kakalowa mokhula pang'ono, nambala ili bwino. Kakakana kulowa, nambala ikwezedwe ndi ma volt awiri kapena atatu ndi kuyesanso. Pambuyo pace adule cidutswa ca ngondya zinai cokhala ndi bowo la mamilimita 12 pakati, maso ali pa tochi kudzera m'galasi lakuda la owocherera, kuona ngati siigwada pa ngondya. Mayeso onsewa acitike ndi mlomo ndi kamtima zatsopano, ndiponso madzi atayamba akhetsedwa m'thanki la kompulesa, cifukwa mpweya wacinyezi umadya kamtima msanga ndi kusokoneza nambala imene mmisiri afuna kuilemba m'kabuku kace.